Kamfuti Konenepa Kasowa

Achemwali anga a Raylene amatha kubaya munthu jekeseni osaphethira, koma muwapatse zinthu ziwiri kuti asankhe chimodzi, tsiku lonse lapita.

Chilimwe chonsechi akhala akusankha pakati pa timfuti tiwiri ku shopu ya a Dewitt. Achemwaliwo ndi nesi woyendera odwala m'makomo, kumafamu uko kumene netiweki imathera pa geti. Tsiku lina chidakwa china chinawatsekera msewu ndi thiraki n'kuyamba kumenya galasi, ndiye anabwera kunyumba amvekere basi, ndiziyenda ndi kanga m'chiuno. Kuno ku Oklahoma palibe angadabwe nazo. Abusa athu omwe amalalikira kali pansi pa jekete.

Vuto ndi lakuti kati. Kali kopyapyala, kamabisika bwinobwino pansi pa yunifolomu, koma zipolopolo zochepa ndipo ukawomba kamadumpha m'manja ngati nsomba yamoyo. Kali konenepa, zipolopolo zambiri, kamakhazikika m'dzanja, koma kamatukula malaya ngati wabisa banzi. Kusiyana kwake n'komweko basi. Ine ndinaloweza kale, n'chifukwa chake ndimafuna kulira akayamba.

Loweruka anandikoka ndili m'tulo.

"Shawna, lero ndiye lero."

"Munateronso sabata yatha, sisi."

"Sabata yatha ndinavala lamba wolakwika."

Titafika, a Dewitt anangotiona n'kupuma mozama. Ndi madala aatali, olankhula ngati mawu akuwagula pa sikelo. Anatulutsa timfuti tiwirito m'kabati yagalasi, n'kutitsegula kuti tonse tione kuti mulibe chipolopolo, n'kutiyala pa kansalu pa kauntala. Achemwali anayamba mwambo wawo. Kulowetsa kena m'chiuno, kupita pa galasi, kutembenuka, kukhala pa mpando, kudzuka, kukweza manja ngati akutenga mankhwala pa shelefu.

"Kakuoneka?"

"Ayi."

"Sunayang'ane n'komwe, uli pa foni."

"Sisi, kakuoneka chimodzimodzi ndi mwezi watha."

Pakona ya kauntala panali a Lonnie, mlamu wawo wa a Dewitt. Anali wapolisi kale, pano amaphunzitsa anthu kuwombera kuseri kwa shopu. A Lonnie ndi mtumwi wa konenepa. Amayenda nako okha, amakatamanda ku tchalitchi, ku ukwati, pamaliro pomwe. Ndiye atatsegula pakamwa ndinadziwa kale ulaliki wake.

"Mwana wanga, tenga kopyapyalako," anatero. "Usavutike. Tenga lero lomwe."

Ndinakweza mutu. "Inuyo a Lonnie? Mesa mumati kopyapyala ndi ka anthu ofuna kukwiyitsa chigawenga?"

"Munthu amasintha maganizo."

Achemwali zinawasokoneza kwambiri. Foni ya m'shopu inalira, a Dewitt n'kulowa mu ofesi. Achemwali anabweza timfuti tonse pa kansalu, amvekere tiye tikadye kaye ndiganize. Ndinatsogola ndisanawatukwane.

Tisanatsegule n'komwe galimoto tinamva chitseko cha shopu chikumenyeka. A Dewitt anabwera akuyenda mothamanga, ndipo m'moyo wanga wonse ndinali ndisanawaonepo akufulumira.

"Raylene. Konenepa kali kuti?"

*

A Dewitt anawasecha achemwali chikwama pamaso pa makasitomala, a Lonnie atatulukiranso n'kuima pambali kuonerera. Magolovesi, makina oyezera magazi, masiwiti, zonse mbwee pa kauntala. Achemwali anakweza malaya okha kuonetsa lamba, nkhope ili psuu. Ndinawapatsa a Dewitt makiyi, anakatembenuza galimoto yonse mpaka pansi pa tayala la sipeya. Palibe.

"Pamalo oimika galimoto pali anthu ambiri," anatero a Dewitt. "Chinthu chimatha kusintha manja."

"Madala, mumawadziwa awa kuyambira ali ndi matewera. Anasamala amayi anu mpaka tsiku lomaliza."

"Ndikudziwa."

"Ndiye?"

"Ndiye mfuti ikasowa m'shopu muno, aboma amabwera kwa ine. Ndaimba kale ku polisi."

Ndinawamva ndekha akuimba, chitseko cha ofesi chili chotsegula. Anatchula dzina la achemwali lonse, lapakati lomwe, pang'onopang'ono kuti wolembayo asaphonye. Apolisi anati akubwera akangochotsa ng'ombe zimene zagwera mumsewu waukulu.

Achemwali anakhala pa bokosi la zipolopolo n'kugwira mutu. "Shawna, kuntchito akangomva kuti dzina langa lili pa mlandu wa mfuti, amandiimitsa tsiku lomwelo. Safunsa. Ndani angalole nesi wakuba alowe m'nyumba ya amayi ake? Layisensi yanga yapita basi."

Apa m'pamene ndinaika foni m'thumba. Sizichitikachitika.

"A Dewitt, mundiuze bwinobwino. Mutalowa mu ofesi munasiya ndani pa kauntala?"

"Raylene. Iwe. Lonnie."

"Mutatuluka?"

"Palibe aliyense. Kamfuti kamodzi."

"Makasitomala ena aja?"

"Anali ku shelefu ya mbedza za nsomba uko. Sanasendere."

"Kamera?"

Anakanda khosi. Ndinayang'ana m'mwamba ndekha. Kamera ya pa kauntala ilipo ndithu, yatsopano, yodula. Kutsogolo kwake kwenikweni anapachikapo mutu wa gwape amene anapha chaka chatha. Ikujambula khutu la gwape usana ndi usiku.

"Siriyasi, madala?"

"Panalibe msomali wina."

Yotsala inali ya pakhomo. Anandionetsa pa kompyuta ya mu ofesi. Ine ndikutuluka, maso pa foni. Achemwali pambuyo, chimalaya chachikulu, dzanja likukonza lamba. Kunena chilungamo, ukanakhala woweruza ukanawamanga.

"Bwezani kumbuyo," ndinatero. "Kuyambira m'mawa."

"Za m'mawa zikukhudza chiyani?"

"Kaya. Bwezani basi, mesa tikudikira ng'ombe."

Anabweza. A Dewitt akutsegula shopu. Wamakalata. Kenako a Lonnie akubwera, kachitokoso ka m'mano kali pakamwa, akuyenda ngati mwini tauni. Atafika pakhomo penipeni dzanja linapita kumbuyo kwa chiuno. Aliyense woyenda ndi mfuti amatero osadziwa, kungogwira pang'ono ngati mmene ine ndimagwirira thumba la foni. Koma a Lonnie atagwira anauma. Anagwiranso. Kachitokoso kanagwa. Anatembenuka n'kuthamangira kumanzere, mimba ikugwedera. Patapita kanthawi anabwerera akukoka miyendo.

"Anaiwala magalasi," anatero a Dewitt. "Amatero tsiku lililonse."

Ndinaimitsa kanemayo n'kuloza ndi chala. Magalasi anali pamphuno.

*

A Lonnie ndinawapeza kuseri, kowombera. Kalasi yawo ya masana inali itangotha, akutolera mapepala owomberapo obooka ndi zipolopolo. Kunja kukutentha ngati mu uvuni, iwo avala chijekete chopanda manja chofika m'matako.

"Mukudwala malungo, a Lonnie?"

"Mwana iwe, ine ndagwira upolisi iwe usanabadwe. Ndaona zambiri. Nthawi zambiri wakuba amakhala amene sukumuganizira. Mtsikana wabwinobwino, ntchito yabwino, koma satana akalowa..."

"Munali kuti a Dewitt ali pa foni?"

"Kuno. Ndimapachika mapepala."

"Ife tikutuluka munali pa kauntala."

"Ndinachoka nthawi yomweyo. Ndinatembenuka, sindinaone kanthu. Wapolisi wabwino sanena zimene sanaone."

"Nanga m'mawa mumathamangira kuti?"

Anasiya kutolera. "Kulimbitsa thupi. Dokotala ananena."

"Mutavala nsapato za chikumba?"

"Uli ndi funso lenileni kapena wangobwera kudzanditayitsa nthawi?"

Ndinasintha mawu, n'kuwapanga a kamtsikana kopusa. Amagwira ntchito kwa madala onse a m'tauni muno. "Ayi, ndimangofuna mundionetse kanu kaja. Poti ka m'shopu kasowa, mwina sisi angayesere pa kanu."

Muyenera kumvetsa. A Lonnie anatulutsapo kamfuti kawo pa phwando la ubatizo kuti aonetse agogo a mwana mmene anakulungira tepi pa chogwirira. Sudikira kupempha. Umachita kuwaletsa.

Anakoka chijekete chija n'kuchitseka bwino. "Mfuti si choseweretsa, Shawna."

Ndinangoti chabwino, zikomo. Kumanzere kwa shopu kuli zinthu ziwiri zokha, malo ochapira galimoto amene anatsekedwa kalekale, ndi lesitilanti ya mayi Oleta.

*

Mayi Oleta ndi aafupi, mawu ngati wailesi yoiwala kuzimitsa. Ndinawapeza akupukuta matebulo.

"Shawna mwana wa malemu Dale, waonda bwanji, ukudya foni? Khala apo. Payi ya mapichesi yatsala, ya maapozi yatha, usandifunse."

"Mayi, a Lonnie anadya kuno m'mawa?"

Nsalu yopukutira inaima. "Wakutuma?"

"Ayi."

"Anadya. Mazira, nyama, nyemba za tsabola mbale yodzaza, khofi makapu osawerengeka. Ndimamuuza, Lonnie, m'mimba mwako si mwa mnyamata, samva. Kenako ulendo wa ku toyileti, ngati mwa masiku onse, ife tonse tikudziwa kuti kumeneko kwatsekedwa mpaka nkhani za pa wailesi zithe."

"Anabweranso?"

"Anabwera akuwefuka ngati galu. Molunjika ku toyileti. Ndikumva akutsegula chivindikiro, akugwetsa bini, akusuntha chilichonse. Kutuluka nkhope ili mbuu. Amvekere, Oleta, sunaone kanthu? Ndimvekere, kanthu kanji? Amvekere, kanthu basi. Ndimvekere, Lonnie, muno mumagwa zinthu zambiri, mano oikirira, mphete, tchula dzina. Anangoima, kukamwa kuli yasa. Sanathe kutchula. Anatuluka."

Ndimadziwa kale. Aliyense woyenda ndi mfuti m'chiuno amalidziwa vuto la ku toyileti. Ukamasula lamba, kulemera kwake kumakokera buluku pansi, ndiye anthu amakasolola n'kukaika pamwamba pa thanki ya madzi. Ukamaliza umavala, umasamba m'manja, umatuluka. A Lonnie omwewo amaphunzitsa m'kalasi mwawo kuti chimenecho ndi tchimo loyamba, usadzayerekeze.

"Mayi, munakapeza inuyo?"

Anayang'ana uku ndi uku, n'kundikodola. Tinalowa kukhitchini. Anatsegula firiji yaikulu, n'kusuntha nkhuku zouma, n'kutulutsa bokosi la payi.

"Kachitatu aka," anatero. "Koyamba ndinamuthamangira nako mpaka pa msewu. Kachiwiri ndinamuimbira foni. Lero Loweruka, muno modzaza mabanja, ana akulowa n'kutuluka m'toyileti imeneyo, iye wasiya chinthu chodzaza zipolopolo pa thanki ngati sopo. Ndinati ayi, ameneyu agone osagona mpaka Lolemba, aphunzire. Zipolopolo ndachotsa, zili m'kapu umo."

Anatsegula bokosilo. Konenepa, kakale, kosupuka m'mbali, tepi yakuda pa chogwirira, kali ndi chisanu pamwamba.

"Mayi Oleta, phunziro lanulo likuwachotsetsa ntchito achemwali anga."

Ndinawafotokozera mwachidule. Anavula epuloni, n'kunyamula bokosi, n'kutsogola.

*

M'shopu tinapeza achemwali akadali pa bokosi lawo lija, akubweza zinthu m'chikwama chimodzichimodzi. A Dewitt ali kuseri kwa kauntala. A Lonnie atatsamira kabati, akuwafotokozera makasitomala mmene ankagwirira akuba kale.

"Lonnie," anatero mayi Oleta. "Waiwala oda yako."

"Sindinaode kanthu."

"Tsegula."

Anaika bokosi pa kauntala. A Lonnie sanalikhudze, ndiye a Dewitt anatsegula okha. Anayang'ana m'katimo nthawi yaitali. Tepi ija amaidziwa, tauni yonse imaidziwa.

"Aka n'kako," anatero a Dewitt.

"Eya, n'kanga. Ndinamusungitsa Oleta. Palibe mlandu pamenepo."

"Pa thanki ya toyileti, Lonnie," anatero mayi Oleta. "Umandisungitsa pa thanki ya toyileti."

Kasitomala wina anaseka n'kudzigwira pakamwa.

"Chabwino, n'kanu," ndinatero ine. "Kakhala mu firiji kuyambira m'mawa. Ndiye kalasi ya masana munaphunzitsa ndi chiyani? Poti mumayamba ndi kuwaonetsa kasololedwe. Ndipo chikutukula chijekete kumbuyoko n'chiyani?"

"Mwana iwe ulibe ulemu."

"Ulemu ndinausiya m'galimoto a Dewitt akusecha. Munawauza sisi atenge kopyapyala chifukwa mumaopa kuti agula konenepa inu musanakabwereke. N'kokhako kamene kamalowa m'kachikwama kanu ka m'chiuno. Ndikunama?"

A Lonnie anayang'ana a Dewitt, kenako denga, kenako gwape uja. Mapewa anagwa.

"Dewitt, mlamu, tamvera. Anthu analipira kalasi. Ndikanaima pamaso pawo chiuno chili chopanda kanthu? Ine? Ndimati ndibweza madzulo, palibe akanadziwa. Iweyo ndi amene unafulumira kuimba foni."

Achemwali anaimirira. Sakuwa iwo aja, ndipo sanakuwe.

"A Lonnie, munaima pomwepo akukhuthula chikwama changa. Ndinakweza malaya pamaso pa amuna onsewa. Inu munali apo, kali m'chiuno mwanu."

"Mwana wanga, sizikanafika patali. Ndikanalankhula ndi anyamata ku polisi."

"Musanditchule mwana wanu."

A Dewitt anatseka bokosi la payi pang'onopang'ono. Ndinaona mutu wawo ukuwerengera, ndipo ndinadziwa kumene ukupita. Akazi awo ndi mlongo wake wa a Lonnie. Mawa Lamulungu amadyera pamodzi.

"Tiyeni tikhale pansi," anatero. "Chinthu chapezeka. Sichinachoke pamalo pano. Ndiimbanso ndiwauze kuti kanagwera kuseri kwa kabati. Raylene, ndikuchotsera mtengo pa kalikonse ungasankhe. Izi n'zapachibale."

"Zapachibale," ndinatero. "Mxii. A Dewitt, inuyo ndiye mwandigometsa. Ndiye apolisi alembe kuti nesi uja anaganiziridwa, kenako mfuti inapezeka yokha iye atapanikizidwa? Mukudziwa mmene zimamvekera zimenezo? Pofika Lolemba tauni yonse ikhala ikunena kuti anaiponya kuseri kwa kabati ataona kuti zavuta."

"Ndipo ine ndikhala woyamba kufunsidwa," anatero mayi Oleta, "ndipo mukundidziwa pakamwa."

Kunja kunamveka matayala pa miyala. Tonse tinatembenuka. Galimoto ya polisi inaima pakhomo penipeni, ndipo anatsika ndi Ochoa, mtsikana amene a Lonnie anamuphunzitsa ntchito asanapume pa upolisi. Nsapato zake zinali ndi ndowe. Analowa akuvula chipewa, wotopa ngati wakoka ng'ombezo yekha.

"Bwana Lonnie, muli bwanji. A Dewitt, akuti mfuti yabedwa ndipo wotenga mukumudziwa." Anayang'ana achemwali. "Ndi awa?"

A Lonnie anayang'ana a Dewitt ndi maso a galu wonyowa.

Achemwali anapachika chikwama paphewa n'kusendera pa kauntala, pafupi kwambiri moti a Dewitt sakanatha kuyang'ana kwina.

"Pa foni paja munatchula dzina langa lonse," anatero. "Lapakati lomwe. Pang'onopang'ono, kuti asalakwitse. Tchulani ili chimodzimodzi."

A Dewitt anagwira m'mphepete mwa kauntala ndi manja onse awiri.

"Si Raylene. Ndinalakwitsa, mulembe zimenezo poyamba." Anapuma. "Lonnie. Gene. Tuttle."

Ochoa anayang'ana mphunzitsi wake, kenako chijekete chija, pamene chatukuka kumbuyo. Anavalanso chipewa.

"Bwana, manja pa kauntala," anatero. "Musagwire. Ndichotsa ndekha."